Lona pa Denga la Chipatala

Mkazi wanga.

Mwana wathu woyamba, amene nkhope yake sindinaione, chifukwa nthayo, mwana wobadwa atafa, amakaika amayi okhaokha.

Apongozi anga ndi alamu anga, amene atandisudzula anasanduka anthu ongopatsana nawo moni.

Sukulu imene ndinkaphunzitsa, ndi nyumba yake ya malata.

Njinga.

Izi ndi zimene ndinataya ku Salima. Mayina sinditchula, kaya la munthu kaya la mudzi. Amene analipo akudziwa, ndipo masiku ano si nzeru kutchula mayina.

Kunyanja ananditumiza nditangotuluka ku koleji ya aphunzitsi. Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, ndiye miyezi yoyamba ndinkaona ngati andiika mu uvuni. Choko chinkanyowa m'manja ndi thukuta. Mkazi wanga ndinamupeza pa thandala la mayi ake, akutembenuza usipa wouma. Ndinafunsa ngati usipawo unali wa lero. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, nati, "Wa lero ukadali m'madzi, aphunzitsi." Kuyambira pamenepo sanasiye kunditchula aphunzitsi, ngakhale titadalitsa ukwati ku tchalitchi, ngakhale tili awiriwiri. Bambo ake anali msodzi, nyengo yake ikakwana ankakakhala pa chilumba cha Mbenji. Mayi ake ndiwo ankaumitsa ndi kugulitsa.

Kuseri kwa sukulu kunali kachipatala ka zipinda zochepa. Kunali adokotala amodzi, amene sanali dokotala wamkulu wa opaleshoni koma tonse tinkawatchula choncho, ndi anamwino amodzi amene analinso mzamba. Lamya kunalibe. Msewu wa tala unali kutali, ndipo njira yopita kumeneko inali ya mchenga wokhawokha. Matenda akakula kupitirira nzeru za awiriwa, chiyembekezo chinali pa wailesi ya mauthenga imene inkakhala pa tebulo la adokotala. Ankaitana ku boma, ambulansi n'kubwera. Wailesiyo inkadya moto wa batire lalikulu ngati la lole, ndipo batirelo linkadzazidwa ndi jenereta ya dizilo imene inali m'kanyumba kake kuseri.

Jenereta ija tonse tinkaidziwa ngati munthu. Ikalira, ife kusukulu tinkakweza mawu pophunzitsa. Inkatsokomola utsi wakuda, inkafuna munthu wa mphamvu kuti aipukuse, ndipo inkakonda kufa pa nthawi yolakwika. Koma vuto lalikulu linali mafuta. Zaka zimenezo nkhondo ya ku Mozambiki inali itatseka njanji, mafuta ankabwera mozungulira, ndipo akafika ku boma, kachipatala kathu kanali komalizira pa mzere. Adokotala ankachita kupempha kwa madalaivala a malole a nsomba, botolo apa, botolo apo, ngati munthu wopempha mchere.

Chaka chimene mkazi wanga anali ndi pakati, kunabwera amisiri ochokera ku Lilongwe ndi mabokosi aatali a matabwa. M'katimo munali magalasi akuda okhala ndi timizere tasiliva. Anawakhomerera pa denga la chipatala, mbali yoyang'ana kumpoto, nakokera mawaya pansi mpaka pa kabokosi kachitsulo pafupi ndi batire. Anati magalasiwo amatenga mphamvu ya dzuwa n'kuithira mu batire, popanda mafuta, popanda phokoso, ndipo jenereta idzangokhala yodikirira masiku a mitambo yambiri. Ine ndinatenga ana a kalasi yanga kukaonerera. Ndinasangalala kuposa anawo. Zinthu zimenezi ndinali nditangoziwerenga ku koleji, m'buku lopanda chithunzi.

Nditabwerera kunyumba ndinamufotokozera mkazi wanga.

"Dzuwa lomweli loumitsa usipali?" anafunsa.

"Lomweli."

"Ndiye likalowa?"

"Limakhala litasungidwa mu batire."

"Aphunzitsi, ine si mwana wa m'kalasi mwanu. Dzuwa n'kulowa m'bokosi?"

"Mphamvu yake, osati ilo."

"Chabwino. Mukawauze amisiri anuwo andisungireko thumba limodzi, ndidzaumitsire usipa wa amayi nthawi ya mvula."

Anaseka atagwira mimba ndi manja onse awiri. Kenako anasiya kuseka, nafunsa ngati ndiye kuti wailesi sidzafanso. Inali mimba yake yoyamba, ndipo mnzake wina amene anakula naye anali atapita pobereka chaka cham'mbuyo. Ndinamuuza kuti sidzafanso.

Amisiri ali pafupi kumaliza, kunafika atcheyamani a chipani a dera lathu. Anali bambo aulemu, mkulu wa mpingo ku tchalitchi kwathu, ndipo ndi amene anaimira mbali yanga pa chinkhoswe popeza abale anga anali kutali.

"Adokotala, ndamva kuti mukufuna kuyatsa lero," anatero.

"Inde, atcheyamani, tione ngati zikugwira."

"Nanga anduna akadzabwera adzatsegula chiyani? Mukufuna adzapeze nyali zikuyaka kale, ngati mlendo wofika mbale zitatsukidwa?"

"Tingoyesa, kenako tizimitsa."

"Chitukuko sichiyamba chokha, adokotala. Chimatsegulidwa. Anthu akaona nyali lero, mawa nkhani ifika ku boma yakuti kuno tatsegula tokha. Adzayankhe ndani, inu kapena ine?"

Adokotala anagonja, ndipo aliyense wa m'nthawi ino akudziwa chifukwa chake. Amisiri analumikiza waya womaliza nasiya swichi ili yozimitsa. Atcheyamani anakhoma loko pa kabokosi kaja, kiyi n'kuika m'thumba la jekete. Tsiku lotsatira anyamata a chipani anabweretsa lona wamkulu wobiriwira, wobwereka kwa alimi a mpunga a ku Chinguluwe, navundikira magalasi onse. Anamangirira chingwe chotsikira pakhonde, kuti mlendo wolemekezeka adzangokoka, lona n'kugwa, anthu n'kuona chitukuko ndi maso. Amisiri anakweza makwerero awo pa galimoto, napita.

Kenako tinayamba kudikira. Amayi ankayeserera magule pabwalo la sukulu masana aliwonse. Ana anga ndinawaphunzitsa nyimbo yolandirira alendo. Ahedi anandipatsa ntchito yolemba mawu a Chingerezi oti adzawerenge pa tsikulo, ndipo ndinalemba bwino ndithu, za dzuwa limene tsopano lidzathandiza kupulumutsa miyoyo. Mkazi wanga sankavina chifukwa cha mimba. Ankakhala pamthunzi wa mango n'kumaomba m'manja. Mwana wa m'mimbamo anali kale ndi khadi lake la chipani, chifukwa anyamata a pachipata cha msika sankalola mayi woyembekezera kudutsa ndi khadi limodzi.

Tsiku linaikidwa, n'kusinthidwa. Anati anduna apita kumpoto. Linaikidwanso, anati kwagwa maliro a munthu wamkulu. Lona anayamba kutuwa ndi fumbi, mbalame zinkanyerapo, m'mbali mwake mavu anamanga zisa. Kuzizira kunatha, mwera unaleka, kutentha kunabwera. Tikamadutsa pachipatala pochokera ku tchalitchi, mkazi wanga ankandigunda ndi chigongono.

"Aphunzitsi, dzuwa lanu lija likadali m'bulangeti. Likudwala malungo?"

Ndiye kunamveka za msonkhano waukulu wa chipani kufupi ndi boma, ndipo kunkafunika jenereta yoyendetsera zimkuzamawu. Lole inaima kuseri kwa chipatala Loweruka lina m'mawa. Ine ndinalipo, ndinapita kukatengera mkazi wanga mapiritsi oonjezera magazi.

"Atcheyamani, nanga wailesi?" anafunsa adokotala.

Atcheyamani analoza padenga. "Inu magetsi muli nawo kale, adokotala. Anzanu alibe n'komwe. Chipatala chimodzi kukhala ndi ziwiri, pamene msonkhano wa dziko ulibe mawu?"

"Koma awo ndi ovundikira."

"Ndi nkhani ya masiku ochepa. Ndiponso tikubwereka chabe."

Sankanyoza ayi. Ankakhulupirira zimene ankanenazo. M'mutu mwawo chipatala chinali nacho chitukuko, popeza chinali padenga ndipo aliyense ankachiona. Adokotala anayang'ana pansi. Kufunsa kamodzi kunali kufunsa, koma kufunsa kachiwiri kunali ndi dzina lina. Anyamata ananyamula jenereta ija pamodzi ndi chigubu chake cha mafuta.

Msonkhano unachitika, jenereta sinabwere. Ena ankati ili ku ofesi, ena ankati yapita kumsonkhano wina. Adokotala anayamba kusamala wailesi ngati ufa wa chaka cha njala. Ankaitsegula kamphindi m'mawa kuti amve ngati kuli uthenga, n'kuitseka. Mawu ake ankacheperachepera. Anapempha kudzera pa wailesi yomweyo kuti awabwezere jenereta kapena awalole kuchotsa lona, ndipo anayankhidwa kuti nkhaniyo ipita kwa oyenera.

Ndinaganizapo zoti mkazi wanga akadikirire kwa achibale ake ku boma. Anamwino anati mwana wagona bwino, palibe chodetsa nkhawa. Apongozi anati mwana woyamba amachirira pafupi ndi mayi ake. Mwini wake anati ku boma kulibe mphepo ya kunyanja, akafa ndi kutentha. Tinasiyira pomwepo.

Matenda anamuyamba m'mawa wa tsiku la sukulu, mu Okutobala. Apongozi ndi mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wanga, anapita naye kuchipatala akuyenda yekha, kuima pang'ono, n'kuyendanso. Za uchembere mwamuna salowerera, ndiye ine ndinapita m'kalasi. Dzuwa lisanafike pamutu, mlamu wanga anaima pakhomo la kalasi. Sanagogode, sanapereke moni. Nsalu yake inali ndi magazi kutsogolo konse.

Pakhonde la chipatala ndinapeza apongozi. Chikwatirireni mwana wawo, mayi amenewo anali asanandiyang'anepo kumaso. Tikakumana panjira ankapatuka, tikamalankhula ankayang'ana kumbali, monga umakhalira ulemu wa mpongozi ndi mkamwini. Tsiku limenelo anandigwira pamkono, nandiyang'ana m'maso.

"Bambo, chitanipo kanthu. Inu munaphunzira."

Adokotala ananditengera mu ofesi. Analankhula mwachidule. Mwana anabadwa atafa kale. Chotsalira chimene chimatuluka mwana akabadwa chinakanirira m'kati, ndipo magazi sankasiya. Iwo ndi anamwino anali atachita zonse zimene manja angachite. Kunkafunika chipatala chachikulu, kumene kuli magazi oonjezera ndi chipinda cha opaleshoni. Anatembenukira ku wailesi, nakanikiza batani, naitana. Inachita phokoso ngati la mafuta m'chiwaya, kenako zii. Anayesanso. Kanyali kake kofiira sikanayake n'komwe.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinapempha mpeni kwa mlamu wanga, amene sankayenda wopanda mpeni wake wotumbulira nsomba. Makwerero kunalibe. Ndinagubuduza mgolo wa madzi, n'kuponda pa zenera, n'kudzikoka mpaka padenga. Malata ankaotcha ngati moto. Khungu la m'manja ndi la m'maondo linatsala pomwepo. Ndinadula zingwe, mavu akundiluma m'khosi. Lona anatsetsereka n'kugwera pansi ndi fumbi lake lonse, ndipo magalasi aja anaonekera, akunyezimira ngati tsiku limene anabwera. Pansi ndinamva adokotala akuswa loko ndi nyundo.

Nditatsika ndinawapeza atagwada pa kabokosi. Kamuvi ka pamenepo kanali katasuntha pang'ono.

"Zikulowa," anatero. "Koma batire linatheratu. Lifuna nthawi."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Aphunzitsi, ndingadziwe bwanji? Sindinayesepo."

Tinayang'anana. Mwina kanthawi kochepa, mwina mpaka mawa. Panalibe munthu m'dera lonselo amene akanatiuza. Adokotala anati iwo atsala pa wailesi, ine ndipalase njinga kupita kumsewu wa tala ndikaimitse galimoto iliyonse. Anamwino anandilola kuima kamphindi pa zenera la chipinda cha amayi. Kenako ndinanyamuka.

Za ulendowo ndilibe zambiri zonena. Mchenga wa mu Okutobala sulola njinga. Pena ndinkapalasa, pena ndinkakankha ndikuthamanga. Manja osupuka aja ankamata ku mahandulo. Nditafika pa tala ndinaimitsa lole ya nsomba yopita ku Lilongwe. Dalaivala wake anali Msilamu wa ndevu zoyera, ndipo sanandifunse zambiri. Anangoti, "Kwerani, mwana wanga. Inshallah tikam'peza," nakhota. Njinga ndinaisiya m'mbali mwa msewu, ndipo sindinaionenso.

Tili pakati pa njira ya mchenga ija tinamva hutala kumbuyo. Inali ambulansi. Dalaivala wa lole uja anapatukira m'tchire kuti idutse, ndipo ine ndinadziwa kuti wailesi yalankhula. Ndinaseka. Ndikunena zoona, ndinaseka mokweza m'lole ya munthu wosam'dziwa, iye n'kumandisisita paphewa. Tinatsatira fumbi lake mpaka kuchipatala.

Kulira ndinakumva injini isanazime. Zitseko za ambulansi zinali zotsegula, koma panalibe amene ankafulumira. Dalaivala wake anali atavula chipewa. Ambulansiyo inagwira ntchito imodzi yokha tsiku limenelo. Inanyamula thupi kupita nalo kunyumba kwa mayi ake, mtunda woti munthu amayenda pansi.

Maliro atatha adokotala anandiuza kuti wailesi inadzuka ine ndisanafike ngakhale pakati pa ulendo. Batire linangofuna dzuwa la kanthawi kochepa chabe. Anamwino anati ambulansi ikanaitanidwa magazi atangoyamba, akanafika naye ku boma ali moyo. Zoti akanachira kumeneko palibe angalumbire, ndipo ine sindilumbira. Chimene ndikudziwa n'chakuti lona anakhala padenga kuyambira nyengo yozizira mpaka tsiku limenelo, ndipo masiku onsewo dzuwa linkatuluka.

Tisanamete n'komwe, anandiitana ku ofesi ya ahedi. Munali atcheyamani ndi anyamata awiri a chipani. Atcheyamani anayamba ndi kupepesa, ndipo anapepesa ndi mtima wonse, pakuti ndi iwo amene anapemphera kumanda. Kenako anati, "Koma mwana wanga, lona uja anakuuzani ndani kuti muchotse?" Ndinati palibe. Anafunsa ngati ndinkadziwa mwini wake wa loko amene anaswedwayo. Ndinati ndinkadziwa. Anausa moyo, nati ayesetsa kuti nkhaniyi isakule, popeza chisoni chimasokoneza munthu mutu. Ndikhulupirira anayesetsadi, chifukwa sananditengere kumene anthu sabwerako msanga.

Lona anamubwezera padenga, nagula loko wina. Anduna anabwera mvula yoyamba isanagwe. Ine ndinali m'nyumba, koma bwalo linali pafupi, zonse ndinkazimva. Jenereta ija inabwera pa lole kudzayendetsa zimkuzamawu, ndinaizindikira kutsokomola kwake. Ana anga anaimba nyimbo imene ndinawaphunzitsa. Ahedi anawerenga mawu anga aja osasintha ngakhale limodzi. Kenako kunali zii, kenako nthungululu, ndipo ndinadziwa kuti chingwe chakokedwa. Akuti nyali zinayaka masanasana, anthu n'kuomba m'manja. Alendo atachoka, jenereta inakwezedwanso pa lole.

Teremu itatha ananditumiza kusukulu ina, kutali ndi nyanja, kumene ndikulembera izi. Adokotala nawonso anawasamutsa. Ndimamva kuti chichokereni lona, wailesi ija sinakhalenso chete. Mlamu wanga anachirira komweko chaka chathachi, pansi pa nyali zomwezo, ndipo amayi ena amene zinawavuta anafika ku boma pa nthawi yake. Anthu akandifunsa ngati magalasi a dzuwa ndi abwino kuposa jenereta, ndimayankha kuti inde. Safuna mafuta, satsokomola, ndipo ndi okhomerera ku denga, munthu sangawakweze pa lole kupita nawo kumsonkhano. Ndikanakonda chipatala chilichonse cha kumudzi chitakhala nawo. Ndimayankha zomwezo, n'kusintha nkhani.

Ndisanachoke kunyanja, akuchikazi anandisudzula monga mwa mwambo, kundimasula kuti ndingathe kukwatira kwina. Mwambo utatha, apongozi anakhala pa mphasa chapatali, atayang'ana kumbali ngati kale, natuma mlamu wanga kudzandifunsa ngati mwana wawo anasiya mawu pa zenera paja. Iwo nthawi imeneyo anali kuseri ndi amayi ena, akukonza za kamwana kaja. Ankayembekeza mawu a malawano, oti awasunge. Ndinawauza zimene zinalipo.

Zenera linali lotsegula theka. Mkazi wanga anali atagona chagada, atam'funda nsalu mpaka pachifuwa, milomo itatuwa ngati phulusa. Anamwino anali atamuuza kale kumene ndinkapita. Iye ananditembenuzira maso okha. Ine ndinagwira chitsulo cha zenera. Iye anakula akuona malole a nsomba. Ankadziwa mmene madalaivala amachitira ndi munthu woima mwaulemu m'mbali mwa msewu, ndipo ankandidziwa ine. Analankhula motsitsa, moti ndinachita kulowetsa mutu kuti ndimve.

"Aphunzitsi, musakaimitse ndi chala ngati muli m'kalasi. Sakaima. Mukaime pakati pa msewu."